Utatu Woyera: Dzina Limene Tinabatizidwamo

Lero tikambirana za Utatu Woyera, chiphunzitso chakuti Mulungu ndi mmodzi, ndipo Mulungu mmodzi yemweyo ndi Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera.

Dzina limeneli si lachilendo m'makutu mwathu. Linatchulidwa pa ife tsiku limene tinabatizidwa. Limamveka pomanga ukwati, podalitsa mpingo mapemphero akatha, ndiponso kumanda poika m'bale wathu. Koma mdzukulu akafunsa madzulo pamoto kuti, "Agogo, kodi Mulungu ndi mmodzi kapena alipo atatu?" ambiri amangoti, "Ukafunse abusa," kapena, "Ukafunse akatekisiti." Tsiku lina pakhomo pamafika alendo aulemu, mabuku ali m'manja, n'kutiuza kuti mawu akuti Utatu mulibe m'Baibulo, kuti Yesu ndi cholengedwa, ndipo Mzimu Woyera ndi mphamvu chabe ngati magetsi. Enanso amati ubatizo wathu ndi wosakwanira, tibatizidwenso. Nkhani zimenezi zagawa mabanja, ndipo ana ena a mpingo achoka chifukwa panalibe wowayankha. Choncho tikhale pansi, tiione bwino nkhaniyi.

Chimene Mpingo umaphunzitsa

Tiyambe ndi kunena momveka chimene timakhulupirira, chifukwa ambiri otsutsa Utatu amatsutsa chinthu chimene ifenso sitikhulupirira n'komwe. Mfundo yoyamba ndi yakuti Mulungu ndi mmodzi yekha, palibenso wina. Yachiwiri ndi yakuti Atate ndi Mulungu, Mwana ndi Mulungu, Mzimu Woyera ndi Mulungu, ndipo palibe amene umulungu wake ndi wochepa kapena wobwereka. Yachitatu ndi yakuti Atate sali Mwana, Mwana sali Mzimu Woyera, Mzimu Woyera sali Atate. Munthu akafunsa kuti, "Mumapembedza Milungu ingati?" timayankha kuti mmodzi. Akafunsa kuti, "Mulungu ameneyo ndani?" timatchula Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera. Ena a ife pa katekisimu tinaphunzira mawu akuti "Apersona atatu". Mawuwo ndi obwereka ku Chilatini, ndipo amatithandiza kupewa kunena kuti "anthu atatu", ngati kuti kumwamba kuli amuna atatu okhala pa mipando itatu.

Kuti Mulungu ndi mmodzi, Baibulo limanena mosabisa. Mose anaphunzitsa Aisraele zimenezi pa Deuteronomo 6:4, pamene mitundu yowazungulira inali ndi milungu yambirimbiri. Mneneri Yesaya anabwereza zomwezo pa mutu 45, ndipo Yesu mwini wake, atafunsidwa za lamulo loposa onse pa Marko 12, anayambira pomwepo. Makolo athu nawonso ankati Chauta, Namalenga, Mphambe. Maina anali ambiri, koma Wolengayo ankadziwika kuti ndi mmodzi. Tikumbukire kuti Petro, Yohane ndi Paulo anali Ayuda amene anakula akuvomereza umodzi wa Mulungu m'mawa ndi madzulo. Kwa iwo kugwadira munthu kunali tchimo loopsa. Nanga chinawachititsa n'chiyani kuti ayambe kupembedza Yesu wa ku Nazarete?

Anaona zimene ankachita. Ku Kapernao anauza munthu wofa ziwalo kuti machimo ake akhululukidwa. Alembi anang'ung'udza m'mitima kuti wokhululukira machimo ndi Mulungu yekha, ndipo pamenepo sanalakwe. Yesu sanabweze mawu ake. M'malo mwake anamuimiritsa munthuyo, nanyamula mphasa yake anthu onse akuona (Marko 2). Panyanja anadzudzula mphepo ndi mafunde, zonse n'kukhala bata. Atauka kwa akufa, Tomasi anamutcha Ambuye wake ndi Mulungu wake, ndipo Yesu sanamuletse (Yohane 20:28). Tiyerekeze ndi Petro: Korneliyo atamugwadira, anamuimiritsa msanga, namuuza kuti iyenso ndi munthu. Ngakhale mngelo wa pa Chivumbulutso 22 anakana kuti Yohane amugwadire. Stefano akuponyedwa miyala anapereka mzimu wake kwa Yesu, ndipo Yohane anayamba Uthenga wake ndi kunena kuti Mawu, amene anadzakhala munthu, analipo pachiyambi, anali ndi Mulungu, ndipo anali Mulungu.

Komabe ophunzira omwewo anaona kuti Yesu sali Atate. Ankamuona akupita kuphiri kukapemphera usiku wonse. Ku Getsemane anachonderera Atate kuti chikho cha masautso chimupitirire, kenako navomera chifuniro chawo. Pa mtsinje wa Yordano zinthu zinaonekera poyera tsiku limodzi: Mwana ali m'madzi, Mzimu akutsika ngati nkhunda, mawu a Atate akumveka kuchokera kumwamba (Mateyu 3:16-17).

Za Mzimu Woyera, Yesu analonjeza pa Yohane 14 kuti adzapempha Atate kuti atumize wina wokhala nafe nthawi zonse. Buku Lopatulika, limene ambiri tinakula nalo, limamutcha Nkhoswe. Ife tikudziwa ntchito ya nkhoswe: amamva nkhani, amalangiza, amadzudzula, amaimira munthu pa mlandu. Magetsi sangakhale nkhoswe. Mzimu Woyera analankhula ku Antiokeya kuti ampatulire Barnaba ndi Saulo (Machitidwe 13:2). Paulo akutichenjeza kuti tisamumvetse chisoni (Aefeso 4:30), ndipo chinthu chopanda moyo sichimva chisoni. Hananiya atabisa gawo la ndalama za munda, Petro anamuuza kuti wanamiza Mzimu Woyera, ndipo pomwepo anawonjezera kuti wanamiza Mulungu, osati anthu (Machitidwe 5:3-4). Pomaliza penipeni, pa Mateyu 28:19, Ambuye analamula kuti anthu a mitundu yonse abatizidwe, ndipo sananene kuti m'maina ayi. Dzinalo ndi limodzi, eni ake atatu.

Mawu akuti Utatu anachokera kuti?

Anzathu akanena kuti mawu akuti Utatu mulibe m'Baibulo, tivomereze, pakuti n'zoona. Koma taganizani za mayi wochokera kunkhuni. Nkhuni wazitola m'thengo, luzi wangomangira kuti asenze bwino. Mawu akuti Utatu ali ngati luzi. Nkhuni zake ndi mavesi amene tangoona, ndi ena ambiri. Munthu woyamba wodziwika kuti analemba mawuwa m'Chilatini ndi Tertullian, wa mumzinda wa Carthage, m'dziko limene lero ndi Tunisia, chaka cha 200 chitangopitirira. Anali wa muno mu Africa. Ndipo kupembedza Yesu kunayamba kale iye asanabadwe. Cha m'ma 112, bwanamkubwa wina wachiroma dzina lake Pliny, amene sanali Mkhristu, analembera mfumu Trajan kuti Akhristu a m'dera lake amasonkhana m'bandakucha n'kumaimbira Khristu nyimbo monga oimbira mulungu.

Mkangano waukulu unabuka cha m'ma 318 mumzinda wa Alexandria ku Egypt. Wansembe wina wolemekezeka, Arius, anayamba kuphunzitsa kuti Mwana wa Mulungu ndi wamkulu kuposa zolengedwa zonse, komabe ndi cholengedwa, ndipo inalipo nthawi imene kunalibe Mwanayo. Anaika chiphunzitso chake m'nyimbo, moti amalinyero, opera tirigu ndi apaulendo ankaziimba pa ntchito zawo. Apa tiphunzirepo kanthu: nyimbo imaphunzitsa msanga kuposa ulaliki, ndiye atsogoleri a makwaya aziyesa mawu a nyimbo asanaziphunzitse. Bishopu wa Arius, dzina lake Alexander, anamutsutsa, ndipo mipingo inagawikana mpaka nkhani inafika kwa mfumu Constantine.

M'chaka cha 325 mfumuyo inaitanitsa msonkhano mumzinda wa Nicaea, umene lero umatchedwa Iznik, ku Turkey. Kunafika mabishopu oposa 200. Ena a iwo anali ndi zipsera za chizunzo chimene chinayamba mu 303, pamene Akhristu ankamangidwa ndi kuphedwa chifukwa chokana kupereka nsembe kwa milungu ya Aroma. Anagwirizana kuti Mwana ndi wobadwa mwa Atate, sanachite kulengedwa, ndipo umulungu wake ndi womwewo wa Atate. Mabishopu awiri okha ndiwo anakana kusaina mpaka pomaliza.

Ena amati Utatu anaupeka ndi Constantine. Mbiri ikukana. Patapita zaka khumi zokha, mfumu yomweyo inapirikitsa Athanasius, amene anakhala bishopu wa Alexandria mu 328 ndipo anali mtetezi wamkulu wa chikhulupiriro cha ku Nicaea. Mwana wa Constantine, dzina lake Constantius, anakondera mbali yotsutsa. Athanasius anachotsedwa pa mpando wake kasanu, ndipo nthawi zina ankabisala m'chipululu kwa amonke, koma sanasinthe mawu mpaka anamwalira mu 373. Chikanakhala chiphunzitso cha mafumu, bwenzi chitatha pamene mafumu anachitembenukira. Mu 381 msonkhano wina ku Constantinople unatsimikiza za ku Nicaea, nuwonjezera momveka kuti Mzimu Woyera ndi Ambuye wopatsa moyo, wopembedzedwa pamodzi ndi Atate ndi Mwana. Chivomerezo chimenechi ndicho Akatolika, a Reformed, a Anglican ndi mipingo ina yambiri ikugwirabe, ndipo mu 2025 chinakwana zaka 1700 chichitikire msonkhano wa ku Nicaea. Tikaona kuti Tertullian, Alexander ndi Athanasius onse anali a mu Africa, sitinganene kuti Utatu ndi nzeru za azungu.

Kusiyana kwa kubala ndi kupanga tonse tikukudziwa. Mmisiri amasema mtondo, mpini kapena chitseko. Ngakhale mtondowo ukongole chotani, ndi mtengo basi, sungakhale munthu. Koma mwana amene mmisiriyo wabala ndi munthu ngati iye mwini. Mbuzi imabala mbuzi, munthu amabala munthu, ndipo Wobadwa mwa Mulungu ndi Mulungu. Kusiyana kwake n'kwakuti ife timayamba takhala anyamata, ubambo n'kubwera pambuyo, pamene Mulungu sasintha ndipo alibe dzulo kapena mawa. Sipanakhale tsiku limene Atate anali opanda Mwana. Ndipo kubadwa kumeneku sikukhudza mkazi kapena thupi. Kubadwa kwa ku Betelehemu ndi kwina, pamene Mwana wosathayo anatenga thupi lathu mwa Maria.

Mavesi amene amatizunguza

Alendo aja amakonda kutsegula Yohane 14:28, pamene Yesu akunena kuti Atate ndi aakulu kuposa iye. Vesi limeneli tisaliope, ndi lathu. Tiliwerenge pamodzi ndi Afilipi 2, pamene Paulo akufotokoza kuti Khristu, ngakhale anali wofanana ndi Mulungu, anadzichepetsa natenga moyo wa kapolo. Mwana wa mwini munda angathe kuvala sanza n'kulowa mumzere umodzi ndi aganyu, kumalamulidwa ngati iwo, koma magazi ake sasintha. Monga munthu, Yesu anamva njala, anatopa, anagona m'ngalawa, ndipo monga munthu wotumidwa anati Atate ndi aakulu. Yemweyo pa Yohane 17:5 akukumbutsa Atate za ulemerero umene anali nawo pamodzi dziko lisanakhalepo.

Vesi lina ndi Akolose 1:15, limene limamutcha woyamba kubadwa wa chilengedwe chonse. Ena amati pamenepa ndiye kuti iye ndi chisamba cha zolengedwa. Koma tikapitiriza pa vesi 16, timva kuti zinthu zonse, zakumwamba ndi zapansi, zinalengedwa mwa iye, ndiye sangakhale chimodzi mwa izo. M'Baibulo mawu akuti woyamba kubadwa amanenanso za udindo. Davide anali chitsiriza m'nyumba ya Jese, koma Masalimo 89 akuti Mulungu adzamuyesa woyamba kubadwa, woposa mafumu a dziko lapansi. Tizolowere kuwerenga mavesi apatsogolo ndi apambuyo tisanagwedezeke ndi vesi limodzi.

Mafanizo ndi malire ake

Pophunzitsa timakonda kunena za mafuwa atatu osenza mphika umodzi. Fanizoli limathandiza pang'ono, chifukwa limaonetsa atatu ogwira ntchito imodzi. Koma fuwa limodzi ndi gawo chabe la pamoto, ndipo mungathe kulichotsa n'kukaliika kwina. Mulungu sagawika chotero. Atate si chidutswa cha Mulungu. Umulungu wonse uli mwa Atate, wonse uli mwa Mwana, wonse uli mwa Mzimu Woyera, ndipo sangalekanitsidwe.

Ena amati Mulungu ali ngati mwamuna mmodzi amene kunyumba ndi bambo, kumunda ndi mlimi, pabwalo ndi nyakwawa. Fanizo ili likumveka bwino, koma ndilo lolakwika kwambiri. Mphunzitsi wina dzina lake Sabellius anaphunzitsa zofanana ndi zimenezi ku Rome cha m'ma 220, ndipo Mpingo unazikana. Ngati Atate ndi Mwana ali yemweyo wongosintha malaya, ndiye ku Getsemane Yesu ankadzilankhula yekha, ndipo pamtanda anapereka mzimu wake m'manja mwa yani? Madzi osanduka matalala kapena nthunzi ali ndi vuto lomwelo.

Tisadabwe kuti mafanizo onse amaperewera. Chilichonse chimene tingaloze ndi cholengedwa, ndipo Wolenga alibe mnzake womuyerekeza naye. Augustine, bishopu wa ku Hippo m'dziko limene lero ndi Algeria, anatha zaka pafupifupi 20 akulemba mabuku 15 a nkhani imeneyi, ndipo anawatseka ndi pemphero. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana wakhanda sadziwa kumene mkaka umachokera, koma amayamwa n'kukula. Ifenso sitingamuzungulire Mulungu ndi nzeru zathu, koma zimene waulula ndi zokwanira kuti timudziwe ndi kumukhulupirira.

Nanga zikutikhudza bwanji ife a kumudzi?

Mwina wina akuti, "Ine ndi mlimi wa chimanga ndi nshawa. Za Nicaea zindithandiza chiyani?" Choyamba, chipulumutso chathu chagona pamenepa. Pakagwa maliro, mfumu ingathe kutuma nduna kuti ikapepese, ndipo timayamika. Koma ikabwera yokha, n'kukhala pansi, n'kuchezera nafe usiku wonse pamoto, timadziwa kuti maliro athu yawatenga ngati ake. Arius akanakhala kuti ananena zoona, ndiye kuti Mulungu anatuma wantchito kukafa, mwini wake ali patali. Uthenga Wabwino ukuti mwa Khristu, Mulungu mwini anali kuyanjanitsa dziko lapansi ndi iye yekha (2 Akorinto 5:19). Munthu amene wagwera m'chitsime sangatulutsidwe ndi mnzake amene ali m'chitsime momwemo. Cholengedwa chilichonse, ngakhale mngelo, moyo wake ndi wopatsidwa, ndipo chilibe wotsala woti chigawire ena. Athanasius anaumirira pamenepa: amene anatilenga ndi yekhayo angatilengenso. Ndipo popeza Mwanayo anakhala munthu weniweni, amene analira pamanda a Lazaro, palibe chisoni chathu chimene chili chachilendo kwa iye.

Utatu umakonzanso chithunzi cholakwika chimene ena ali nacho, chakuti Atate ndi aukali ndipo Yesu ndiye wachifundo wowagwira dzanja kuti asatimenye. Atate, Mwana ndi Mzimu ali ndi mtima umodzi ndi chifuniro chimodzi. Ndi Atate amene anakonda dziko napereka Mwana, ndipo Yesu pa Yohane 16:27 akutsimikiza kuti Atate eni ake amatikonda. Inu amene munakula ndi bambo ankhanza, kapena bambo amene anapita kumigodi osabwerako, musayeze Atate akumwamba ndi muyeso umenewo. Mukafuna kudziwa mtima wawo, yang'anani Yesu akulandira ana, akukhudza wakhate, akudya ndi anthu onyozeka.

Chachiwiri ndi nkhani ya mantha. Ambiri timagona ndi nkhawa ya ufiti, ziwanda ndi maloto oipa. Mzimu Woyera akanakhala mphamvu chabe, kapena mmodzi mwa mizimu yambiri, bwenzi tikufunsa ngati palibe mphamvu ina yomuposa. Koma iye ndi Mulungu, ndipo Paulo akuti matupi athu ndi nyumba yake (1 Akorinto 6:19). Yohane akuti amene ali mwa ife aposa amene ali m'dziko (1 Yohane 4:4). Mkhristu womanga chithumwa m'chiuno mwa mwana pambuyo pa ubatizo akunena, mosazindikira, kuti dzina lija silikukwanira. Paja mapanga awiri avumbwitsa. Izi sizikutanthauza kuti tisiye chipatala. Mankhwala a malungo ndi nzeru za anamwino ndi mphatso za Atate omwewo amene analenga thupi.

Ndipo popeza Mzimu Woyera ndi Mulungu, sagulitsidwa. Simoni wa ku Samariya anatulutsa ndalama kuti agule mphamvu yopatsa anthu Mzimu, ndipo Petro anamudzudzula koopsa (Machitidwe 8:18-20). Masiku ano kuli ena otiuza kuti tigulitse mbuzi kapena thumba la chimanga kuti tigule botolo la madzi kapena mafuta odzozera. Tiwayese ndi muyeso umene Ambuye anatipatsa: Mzimu amalemekeza Yesu (Yohane 16:14), ndipo zipatso zake ndi chikondi, mtendere, kuleza mtima ndi zina zolembedwa pa Agalatiya 5. Mzimu umene ukukweza dzina la mneneri, umene ukuloza agogo okalamba kuti ndi mfiti, abale n'kuyamba kusakana ndi nkhwangwa, si Mzimu wa Atate ndi Mwana.

Chachitatu ndi pemphero. Pamwambo wathu munthu salowa kwa mfumu mwachisawawa. Amadzera kwa nduna, ndipo sapita chimanjamanja. Aefeso 2:18 akutionetsa njira yopitira kwa Mulungu: timafika kwa Atate kudzera mwa Mwana, mwa Mzimu mmodzi. Wotilowetsayo ndi Mwana wa m'nyumba momwemo, ndipo chopereka anapereka kale. Pali usiku wina umene mayi amakhala pambali pa bedi la mwana wodwala, mawu atamuthera, akungobuula. Aroma 8 akuti pa nthawi yotero Mzimu amatipempherera ndi mabuulo osaneneka, ndipo mutu womwewo ukuti Khristu ali kudzanja lamanja la Mulungu kutipembedzera. Ndiye pemphero la wosaphunzira, la wotopa, la wosowa chonena, limafika, chifukwa Mulungu mwini ndiye walinyamula kuchokera mumtima mpaka kwa Atate.

Chachinayi ndi kakhalidwe kathu ndi anzathu. Yohane akuti Mulungu ndiye chikondi. Chikondi chimafuna wokondedwa, nanga dziko lisanalengedwe Mulungu ankakonda yani? Yesu akuyankha pa Yohane 17:24 kuti Atate anamukonda dziko lisanakhazikike. Mulungu sanatilenge chifukwa chosungulumwa kapena chosowa antchito. Anatilenga kuti tilowe m'chikondi chimene chinalipo kale pakati pa Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera. M'mutu womwewo Ambuye akupempha kuti ophunzira ake akhale amodzi monga iye ndi Atate ali amodzi. Mwa Mulungu muli kusiyana kopanda kunyozana, ndi umodzi wopanda kumezana. Mumpingo mwathu muli Achewa, Ansenga, Angoni, Atumbuka ndi Akunda. Muli wa ng'ombe ndi ngolo, muli wolima ndi khasu lobwereka. Onsewa anabatizidwa m'dzina limodzi. Amene amatchula dzinali Lamulungu, Lolemba n'kukalanda malata ndi munda wa mkazi wamasiye wa m'bale wake, akukana ndi manja chimene wavomera ndi pakamwa. Chimodzimodzi akulu a mpingo olimbirana mipando mpaka nkhosa kubalalika. Mwana sanachite manyazi kusambitsa mapazi a ophunzira ake, ndipo umulungu wake sunachepe.

Tichite chiyani tsono?

Tiphunzitse ana athu mfundo zitatu zija ndi mawu osavuta, ndipo akafunsa mafunso ovuta tisawakalipire. Mwana wofunsa ndiye adzaime nji akadzakula. Pamsonkhano wa kagulu kathu ka mapemphero sabata ino, tiwerenge pamodzi Mateyu 3, Yohane 14 ndi Aroma 8, ndipo wodziwa kuwerenga awerengere osadziwa. Tizimvetsera pamene tikutchulamo Atate, Mwana ndi Mzimu, tione ntchito imene aliyense akugwira. Mlendo wachikhulupiriro china akafika pakhomo, timupatse mpando ndi madzi akumwa, timuyankhe mofatsa ndi mwaulemu monga 1 Petro 3:15 akutilangizira. Akafunsa chimene sitingathe kuyankha, palibe manyazi kunena kuti tikafunsa kaye, ndipo tikafunsedi. Ngati wina akutikakamiza kubatizidwanso, tikumbukire kuti dzina limene linatchulidwa pa ife ndi limene Ambuye mwini analamula, ndipo tikambirane ndi atsogoleri a mpingo wathu tisanachite kanthu.

Mipingo yambiri imakumbukira Utatu Woyera Lamulungu lotsatira Pentekoste, nthawi imene kuno kwathu timakhala tikukolola. Tikamatuta chimanga kupita nacho m'nkhokwe, tiyamike Atate opatsa mvula ndi nthaka, Mwana amene zonse zinalengedwa mwa iye ndipo anatiombola, ndi Mzimu wopatsa moyo amene amatiphunzitsa kugawana ndi osowa. Ndipo chaka chimene nkhokwe yaperewera, Mulungu yemweyo ali nafe, pakuti Mwana wake njala anaidziwa.

Tiyeni tipemphere. Atate athu akumwamba, tikukuthokozani kuti simunatisiye tokha m'mdima, koma munatituma Mwana wanu kudzakhala pakati pathu. Ambuye Yesu, Mulungu wathu ndi m'bale wathu, gwirani dzanja onse amene akukayika, ndipo bwezani amene asokera. Mzimu Woyera, Nkhoswe yathu, chotsani mantha m'nyumba zathu, yanjanitsani mabanja ogawikana, tonthozani odwala ndi olira. Inu Mulungu mmodzi, sungani midzi yathu ndi mipingo yathu m'dzina lanu, kufikira tsiku limene tidzakuonani maso ndi maso. Amen.